Tinayendera, tinalemba, koma chabwereranso: kufufuza gwero la ngozi pamalo a ntchito

Malangizowa ndi a akapitawo, eni chigayo, eni mashedi owotcherera, oyang'anira nyumba zosungira chimanga, ndi aliyense amene anapatsidwa ntchito yoyendera malo kuti aone chimene chingavulaze anthu. Dandaulo la anthu oterewa ndi limodzi: timayendera, timalemba, timauza abwana, koma mwezi wamawa tikupeza zomwe zija. Waya yemwe uja, lamba yemwe uja, matumba omwe aja pakhomo.

Cholakwika chikamabwerera, chilipo chimene chikuchibweza. Munthu sachotsa chotchinga cha lamba wa makina chifukwa chofuna kuduka dzanja, koma chifukwa chikumuchedwetsa penapake, ndipo malo amenewo ndi amene woyendera ayenera kuwapeza. Mutu uliwonse m'munsimu ndi chizindikiro cha vuto, ndipo pansi pake ndayamba ndi zifukwa zofala, n'kutsiriza ndi zimene sizichitikachitika.

## Cholakwika chomwecho chikulembedwa mwezi ndi mwezi

1. Palibe dzina, palibe tsiku. Tsegulani malipoti atatu omaliza. Mukapeza mawu akuti "waya akonzedwe" popanda kunena wokonza ndi tsiku lomaliza, ndiye kuti palibe amene anatumidwa. Pa cholakwika chilichonse lembani zitatu: akonza ndani, pofika liti, zifuna ndalama zingati. Ulendo wotsatira muyambe ndi mndandanda wakalewo musanayang'ane zatsopano.

2. Anakonza chooneka ndi maso, gwero n'kulisiya. Pansi pali oilo, wina wathira utuchi, nkhani yatha. Sabata yamawa oilo ali pomwepo chifukwa makina akudontha. Funsani kuti "n'chifukwa chiyani" mpaka mufike pa chinthu chimene chingagulidwe, kusunthidwa kapena kusinthidwa. Yankho lakuti "anthu ndi osasamala" lisakukhutiritseni, chifukwa palibe chimene mungakonze nalo.

3. Zonse zalembedwa ngati zolemera mofanana. Lipoti likakhala ndi zinthu 30 zongondandalika, bwana amasankha zotchipa: kupenta mzere, kupachika chikwangwani. Gawani patatu. Zimene zingaphe kapena kulumaza munthu lero, makinawo aime mpaka zikonzedwe. Zina zipatsidwe sabata, zotsala mwezi.

4. Wobweza vutolo mulibe naye pa msonkhano. Nthawi zina ndi makaniko wobwera Loweruka, kapena gulu la usiku limene simunakumanepo nalo. Funsani kuti anagwira makinawo komaliza ndani.

## Fomu yonse ili ndi machongi, koma anthu akuvulalabe

1. Tsiku loyendera limadziwika. Mawa kukubwera oyendera, ndiye lero kusesa, kubisa mawaya, kugawa magolovesi atsopano. Sinthani tsiku ndi ola. Pitani pa nthawi imene lole ikutsitsa katundu, pa nthawi yosinthana magulu, madzulo anthu atatopa, ndi nthawi yokolola pamene aganyu achuluka.

2. Mukuyendera malo, osati ntchito. Makina ozima amaoneka abwino onse. Imani pamalo amodzi kwa mphindi 10, fomu ili m'thumba, muone mmene ntchito ikugwiridwira. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Chigayo chikatsamwa, wochiyendetsa amatani? Amazimitsa, kapena amapisa dzanja? Thumba lapamwamba pa mulu amalifikira bwanji? Zimenezi fomu sifunsa.

3. Fomu inachokera kwina. Ikufunsa za zikepe pamalo opanda chikepe, koma za fumbi la ufa ayi. Lembani yanu pamodzi ndi ogwira ntchitowo, makina ndi makina.

4. Anthu akuopa kunena. Amene anapulumuka dzulo lamba atamukoka malaya sanena, poopa kudulidwa malipiro. Mufunseni ali yekha, kapitawo palibe: "Achimwene, pano chimene chinatsala pang'ono kukuvulazani n'chiyani?" Mukamva, musamutchule dzina mu lipoti. Yang'ananinso bokosi la thandizo loyamba: mapulasitala akamatha msanga pamene buku la ngozi mulibe kanthu, anthu akuchekeka mwakachetechete.

## Chotchinga cha lamba chimapezeka chili pansi

Apa ndikhalitsapo, chifukwa lamba ndi pule (gudumu limene lamba amazungulirapo) ndi zimene zimadula zala ndi manja m'zigayo ndi m'mashedi ambiri. Pachigayo si ogwira ntchito okha amene ali pangozi. Amayi amawerama kukokolola ufa chitenje chikulendewera, ana amazungulira kuseri kukaona mota.

Ngakhale chotchinga mutachipeza chili pamalo pake, chiyang'aneni pafupi. Ngati makina onse ayera ndi ufa koma chotchingacho chili chopukutika, mabawuti akumasuka ndi zala, kapena changomangidwa ndi kawaya, chabwezedwa m'mawa womwewo. Mabowo a mabawuti akachita dzimbiri mpaka m'kati, papita miyezi bawuti asanalowemo.

1. Lamba amavuka kapena kuterereka pafupipafupi. Ichi ndiye chifukwa chachikulu. Munthu amene amabweza lamba kangapo pa tsiku sangamasule mabawuti 6 nthawi iliyonse pamene mzere wa makasitomala wafika panja. Makina atazima, onani ngati mapule awiriwo akuyang'anana bwino poika chingwe kapena chitsulo chowongoka m'mbali mwake, ngati lamba watha kapena kutamuka, ndiponso ngati mota yamangidwa zolimba pansi. Mukakonza zimenezi, chifukwa chochotsera chotchinga chatha. Pamene pali malamba angapo, sinthani onse pamodzi.

2. Pothira girizi pali kuseri kwa chotchinga. Ikani kapaipi kotulutsa pothira girizi kunja, kuti athire osatsegula kanthu.

3. Chotchinga chimakhudza lamba kapena kuphokosera. Chinapindika kapena chinapangidwa chothina. Owotcherera achikonze kuti chikhale ndi mpata wokwanira. Ngati ndi cha waya wolukana, mabowo ake asalole chala kufika pa lamba.

4. Makinawo sanabwere nacho. Zigayo zopangidwa konkuno ndi makina ogula kwa ena nthawi zambiri amafika opanda chotchinga. Pangitsani, ndipo chitseke mbali zonse, ndi kuseri komwe.

Chinanso chimene chimavulaza anthu kwathu kuno ndi kuzimazima kwa magetsi. Magetsi akapita, woyendetsa chigayo amati mpata ndi umenewu, n'kutsegula kuti asinthe sefa, swichi ili choyatsa. Akabwera, mota imalira manja ali m'kati. Yesani motere: makina akuyenda opanda chimanga, anthu onse atatalikira, zimitsani pa swichi yaikulu, dikirani aime, n'kuyatsanso. Akayamba okha, pakufunika sitata ya mabatani awiri, lobiriwira ndi lofiira, imene siyamba popanda munthu kudina. Ngakhale sitata ilipo, aliyense wotsegula makina atseke swichi ndi loko, kiyi akhale m'thumba mwake.

Imani pomwepo ngati lamba, pule kapena shafiti ikuzungulira poyera pamene munthu angafike. Musavomere zakuti "timalize matumba awa kaye".

## Makina akugwira shoko, kapena bureka ikungogwa

Magetsi a m'soketi ndi mavoti 230, a mamota akuluakulu a mawaya atatu ndi 400. Onsewa amapha. Kashoko kakang'ono kamene anthu azolowera, mpaka kumagwira chitseko cha makina ndi kansalu, ndi chizindikiro chakuti chitsulocho chili ndi moto. Tsiku limene wina adzagwire ndi manja onyowa ali wopanda nsapato, kadzamugwetsa.

Woyendera ayang'ane ndi maso okha, magetsi atazimitsidwa. Zotheka ndi izi:

1. Waya wong'ambika kapena wolumikiza ndi tepi. Tsatani waya kuchokera ku soketi mpaka ku makina, makamaka podutsa wilibala ndi polowera m'pulagi. Tepi yakuda yomatuka, yomata fumbi, yofewa ngati inatenthedwa, ikuuzani kuti mfundoyo imatentha. Sinthani waya yense. Tepi ina pamwamba pa tepi si kukonza.

2. Mawaya opanda pulagi. Mawaya awiri olowetsedwa m'soketi n'kutsinira ndi timitengo ta machesi alibe fyuzi, alibenso earth (waya wotayira magetsi osochera m'nthaka). Gulani pulagi ya mano atatu.

3. Earth inaduka kapena kulibe. Waya wa mtundu wobiriwira ndi wachikasu apezeke pa chitsulo cha makina, womangidwa pamalo opanda penti ndi dzimbiri. Kudziwa ngati akugwiradi ntchito kumafuna chipangizo choyezera, ndiye ndi ntchito ya wamagetsi.

4. Madzi. Vuto likamayamba mvula ikagwa, kuyambira November mpaka April, yang'anani denga pamwamba pa bokosi la maswichi ndi mawaya ogona pansi.

5. Katundu wachuluka pa soketi imodzi. Makina owotcherera, grinder ndi ketulo pa ekisitenishoni imodzi. Soketi yoderako kapena yonunkha pulasitiki yapsa kale m'kati.

6. Mota yatopa. Yakwiririka ndi ufa moti sikupuma, kapena mawaya a m'kati ayamba kupsa.

Bureka, swichi yodzizimitsa yokha pakakhala vuto la magetsi, ikagwa yagwira ntchito yake. Choopsa ndi zimene anthu amachita pofuna kuti isagwenso: kuimanga ndi waya, kuika ina yaikulu, kapena kuika msomali m'malo mwa fyuzi. Tsegulani chitseko chakunja cha bokosi muone zimenezi. Pamene pali bureka yoteteza anthu ku shoko, ya 30 mA, yatsaninso magetsi n'kudina batani lake loyesera. Ikapanda kugwa, yafa.

Jenereta nayo muione mmene yalumikizidwira. Yolowetsedwa m'soketi popanda changeover switch (swichi yolekanitsa jenereta ndi magetsi a ESCOM) imabweza magetsi ku mawaya a ESCOM, ndipo ingaphe munthu amene akukonza pa pholo akuganiza kuti mulibe moto.

Itanani wamagetsi wokhala ndi chiphaso cha MERA, bungwe loyang'anira za mphamvu, ngati munthu wamva shoko ngakhale kamodzi, ngati bureka yagwanso mutachotsa zida zonse, kapena pakumveka fungo la kupsa. Zokhudza mita ndi waya wochokera pa pholo ndi za ESCOM zokha.

## Zodzitetezera zinagulidwa, koma sizivalidwa

Musathamangire kulemba makalata ochenjeza. Valani nokha chinthucho kwa theka la ola pamalo omwe amagwirirapo ntchito, mwezi wa October masana, mudzamva chimene akudandaula.

- Sizikukwana kapena zikutentha. Magolovesi a saizi imodzi kwa onse, jombo zazikulu kwa amayi. Yezani anthu musanagule.
- Zinatha. Magalasi okalikakalika munthu saona nawo, ndiye amawakweza pamphumi. Pakhale posinthitsira.
- Amadulidwa pa malipiro zikatha. Ndiye amazisunga kuti zisathe. Lamulo la Occupational Safety, Health and Welfare Act la 1997 limaika udindo wopereka zovala zodzitetezera pa wolemba ntchito, osati pa wantchito.
- Akuluakulu savala. Kapitawo akalowa m'shedi ndi silipasi, mawu ake alibenso mphamvu.
- Sizoyenera ntchitoyo. Magolovesi pafupi ndi chinthu chozungulira, monga drill kapena shafiti, amakodwa n'kukokera dzanja m'kati. Pamenepo wokana kuvala akulondola.

Zovala ndi chitetezo chomaliza. Musanafike pa izo, funsani ngati choopsacho chingachotsedwe, kusinthidwa ndi china chofatsa, kapena kutchingidwa. Kumata pamene ufa ukutulukira kumateteza aliyense m'chigayo, ndi makasitomala omwe, pamene masiki imateteza munthu mmodzi, ngati waivala bwino.

## Anthu akudandaula mutu, chifuwa, maso kapena makutu

Zimenezi sizisiya magazi pansi, n'chifukwa chake siziloweka mu lipoti. Funso lothandiza ndi ili: kodi zimachepa Lamlungu kapena pa tchuthi, n'kuyambanso Lolemba? Ngati ndi choncho, gwero lili pantchito.

Mutu, chizungulire, nseru. Yambani ndi jenereta kapena injini ya dizilo yolira m'nyumba, ndi mbaula imene alonda amaotha m'kanyumba kotseka mwezi wa June ndi July. Mpweya wa carbon monoxide ulibe fungo, suoneka, ndipo umapha munthu ali m'tulo. Jenereta ikhale panja, utsi uloze kutali ndi mawindo. Kenako onani penti ndi thina, ndiye kutentha ndi kusowa kwa madzi akumwa. Anthu angapo akadwala mutu nthawi imodzi m'chipinda chimodzi, atulutseni onse msanga musanayambe kufufuza.

Chifuwa ndi kubanika. Fumbi la ufa, la utuchi, la simenti, la miyala. Pitani m'mawa dzuwa likulowa pa windo, fumbi limene simuliona masana lidzaonekera m'kuwalako, ndipo mudzaona potulukira. Matani pamenepo, tsegulani mpweya, ndipo lekani kusesa pouma. Masiki yansalu sitchinga fumbi losalala, pamafunika ya N95 kapena FFP2, ndipo ngakhale imeneyo sitchinga fungo la penti kapena mpweya wa mankhwala. Mkaka umene ena amagawa ndi chakudya chabwino, koma umapita m'mimba, fumbi likupita m'mapapo. Fumbi la miyala limawononga mapapo kosabwerera ndipo limatsegulira khomo TB. Wotsokomola kwa masabata 2 apite kuchipatala akayezedwe.

Maso ngati muli mchenga usiku. Ndi kuwala kowotcherera. Kawirikawiri wodwala si wowotcherera, koma mnyamata wogwirizira chitsulo, amene amangotsinzina kapena kuvala magalasi a dzuwa. Apatsidwe chigoba chakechake, ndipo malowo atchingidwe kuti odutsa asaone kuwalako.

Makutu kulira poweruka. Ngati muyenera kukuwa kuti munthu amene waima pa mita imodzi akumveni, phokoso lafika pa madesibelo (muyeso wa phokoso) 85 kapena kuposa. Pa 85 malire ndi maola 8, pa 88 ndi maola 4, pa 91 ndi 2 okha. Mangani mabawuti omasuka, sinthani mabering'i olira, sinthanitsani anthu, ndipo gulani zotsekera m'makutu zenizeni. Thonje silithandiza. Kumva kukatayika motere sikubwerera.

## Khomo lothawira latsekeka, chozimira moto sichikuoneka

Chifukwa choyamba ndi malo: katundu wabwera wambiri, poika palibe, ndiye aunjika pakhomo lakumbuyo. Kupenta mzere pansi kumathandiza pokhapokha mutasonyeza kumene katunduyo apite. Chachiwiri ndi mantha a akuba, khomo lili ndi loko, kiyi ali ndi bwana amene wapita ku tauni. Ikani chotsekera chotsegukira m'kati popanda kiyi. Bola muli munthu m'nyumbamo, khomo lothawira lisakhomedwe.

Chozimira moto chipachikidwe pakhoma, osati kuchinjirizira chitseko. Muvi wake ukhale pobiriwira, pini ilipo, ndipo tsiku limene chinaunikidwa lisapitirire chaka. Cha madzi si cha pa magetsi kapena pa mafuta. Funsani mlonda wa usiku kuti akusonyezeni mmene angachigwiritsire ntchito, chifukwa moto ukabuka usiku ali yekha.

Muli m'nyumba yosungiramo katunduyo, yang'anani mulu wa matumba chammbali. Thumba lililonse ndi makilogalamu 50. Mulu wopendekeka, wosalukana, kapena umene anthu amasolola pansi, ugwetsedwe mwadongosolo kuyambira pamwamba n'kusanjidwanso.

## Pamene muyenera kuima ndi kuitana odziwa

Izi musayese kukonza nokha, ngakhale zitaoneka zazing'ono:

- Mankhwala ofukiza a mapiritsi a aluminium phosphide. Amatulutsa mpweya wa phosphine umene umapha. Oika akhale a chilolezo cha Pesticides Control Board. Pasapezeke wogona kapena wogwira ntchito m'nyumbamo ndi m'zipinda zogundana nayo kufikira ofukizawo atanena. Mukamva fungo ngati la adyo kapena nsomba yoola, tulukani.
- Thanki, chitsime, dzenje la zonyansa kapena nkhokwe yachitsulo. Pasalowe munthu mpweya usanayezedwe. Wina akakomoka m'katimo, musamutsatire, chifukwa olowa kukapulumutsa amafera momwemo. Itanani ozimitsa moto a khonsolo.
- Kuwotcherera kapena kudula mgolo umene munali petulo, dizilo kapena thina. Ngakhale wouma, umaphulika.
- Boyila ndi thanki ya kompuresa ya dzimbiri, yodontha kapena yowotchereredwa. Izi zimafuna kuyezedwa ndi munthu wovomerezeka.
- Silinda ya gasi yodontha kapena yotentha. Chotsani anthu, pasayatsidwe kanthu. Girizi ndi oilo zisakhudze zida za oxygen.
- Malata akale a asbestos osweka. Musadule, kuboola kapena kusesa zidutswa zake pouma.
- Ming'alu ikukula pakhoma, denga likutsika, kapena ntchito pafupi ndi mawaya a ESCOM.

Munthu akagwidwa ndi magetsi, zimitsani kaye musanamugwire, ndipo apite kuchipatala ngakhale akunena kuti ali bwino. Wopsa athiridwe madzi ozizira oyenda kwa mphindi 20, osapaka mazira, mafuta kapena mankhwala otsukira mano. Mankhwala akalowa m'maso, tsukani ndi madzi oyera kwa mphindi zosachepera 15, ndipo tengani botolo lake popita kuchipatala.

Ngozi yaikulu ikachitika, mukathandiza wovulala musasunthe kanthu pamalopo. Jambulani, lembani mayina a amene anaona, ndipo dziwitsani ofesi ya zantchito ya m'boma lanu. Kumeneko ndi kumene nkhani ya chipukuta misozi, pansi pa Workers' Compensation Act ya 2000, imayambira. Ngati mwalemba choopsa chimene chingaphe kapena kulumaza munthu ndipo eni ake akukana kuimitsa makina, nthambi yoona za chitetezo ndi umoyo pantchito mu unduna wa zantchito ili ndi oyendera amene lamulo linawapatsa mphamvu zolowa pamalopo. Popita kwa iwo tengani makope a malipoti anu onse, osonyeza tsiku limene munalemba vutolo koyamba.